Kalata yotseguka kwa eni makampani, mabwana ndi a boma pa matenda amene tikutengera kuntchito

Akuluakulu, ndakupatsani moni nonse.

Kalata iyi ndikulembera inu amene muli ndi mphamvu pa malo amene anthu amagwirapo ntchito, kaya ndinu mwini kampani, kaya manejala, kaya foromani amene mumagawa ntchito m'mawa, kaya ndinu a boma amene mumalemba malamulo ndi kutumiza ma inspekita, olo inu madokotala amene timabwera kwa inu tikayamba kutsokomola. Ndayiika poyera dala chifukwa nkhani imeneyi ikakambidwira mu ofesi chitseko chili chotseka imathera momwemo, eni ake amene ikuwakhudza osamva n'komwe.

Munthu akagwa pamwamba pa nyumba kapena dzanja likalowa m'makina aliyense amaona, magazi amatuluka, galimoto imathamanga naye kuchipatala, lipoti limalembedwa, mwinanso atolankhani amabwera. Koma munthu amene wakhala akupuma fumbi la miyala zaka khumi, amene makutu ake akhala mu phokoso tsiku ndi tsiku, amene wakhala akusakaniza mankhwala ophera tizilombo ndi manja opanda magolovesi, ameneyo palibe amamuwerengera. Amadwala pang'onopang'ono, amayamba kujomba, inu mumati wayamba ulesi, kontirakiti ikatha simuiwonjezera, nde amapita kwawo ndipo kumeneko ndi kumene matenda amakaonekera bwinobwino, mkazi ndi ana ndi amene amavutika naye usiku, akamwalira pa pepala amangolemba kuti chifuwa, kapena khansa, kapena impso, ntchito imene yamupha sitchulidwa paliponse. Ichi ndi chimene chandipangitsa kulemba. Matenda a kuntchito amakadwalidwira kunyumba, ndiye amene anawayambitsa salipira kalikonse, komanso sasintha kalikonse chifukwa sanaone chilichonse.

Bungwe la ILO, lija loona za ntchito pa dziko lonse, mu 2023 linatulutsa ziwerengero zoti anthu pafupifupi 2.93 miliyoni amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha ntchito zawo. Mwa amenewa ofa pa ngozi ndi pafupifupi 330,000, otsalawo, 2.6 miliyoni, amafa ndi matenda. Ndekuti pa munthu mmodzi wofa pa ngozi pali anthu pafupifupi 8 ofa ndi matenda. Komabe pa geti ya makampani ambiri pamakhala chikwangwani chowerenga masiku amene adutsa popanda ngozi, pamene cha anthu amene mapapo awo awonongeka chaka chino palibe.

Ndiyambe ndi fumbi chifukwa ndi limene timalipeputsa kwambiri, munthu akatuwa thupi lonse timangoti akasamba zitha. Mu miyala yambiri, mu mchenga, mu konkire ndi mu njerwa muli chinthu chotchedwa silica. Mwala ukamabooledwa, kuswedwa kapena kudulidwa ndi giraindala umatulutsa fumbi lina lalikulu limene mumaliona likukhala pa zovala, limenelo mphuno imalitchingako, koma pali lina losalala kwambiri losaoneka ndi maso ndipo limeneli ndi limene limalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Thupi limayesetsa kulichotsa koma limakanika, nde paliponse pamene kafumbi kakhala pamapangika chipsera, zipsera zija zikachuluka mapapo amauma osathanso kufutukuka bwino. Matendawa ndi amene amawatchula silicosis, ndipo alibe mankhwala ochiza. Olo munthu asiye ntchito lero amatha kupitirira kukula m'katimo. Amayamba ndi phuma pokwera chitunda, kenako phuma pongoyenda pabwalo, mapeto ake bambo wamphamvu amene ankanyamula thumba la simenti yekha amalephera kuvala malaya osapumira kaye. Komanso mapapo otere amagwidwa ndi TB mosavuta, chiopsezo chake chimakwera pafupifupi katatu, ndiye kuchipatala amamupatsa mankhwala a TB miyezi 6, amamaliza, phuma osatha, amabwereranso, amamupatsanso, palibe womufunsa kuti bambo inu munkagwira ntchito kuti.

Musanene kuti zimenezi ndi zatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 ku West Virginia ku America anthu anakumba ngalande yodutsa pansi pa phiri yotchedwa Hawk's Nest, mwala wake unali wodzaza ndi silica, ankaboola pouma, ndipo anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo akuda ochokera kutali kudzafuna ntchito, anafa patangopita zaka zochepa. Ku migodi ya golide ya ku South Africa zinachitika kwa zaka zoposa 100, anyamata ochokera ku Lesotho, Mozambique, Malawi, Eswatini, Botswana ndi madera akumidzi a South Africa yomweyo ankapita ali athanzi n'kubwerera kwawo ndi chifuwa chosatha. Zinatengera mlandu wa zaka zambiri kukhoti kuti mu 2018 makampani 6 a migodi avomere kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni, khoti linavomereza mgwirizanowo mu 2019 ndipo anakhazikitsa Tshiamiso Trust kuti izilipira odwala ndi amasiye awo, koma pofika nthawi imeneyo ambiri anali atafa kale, ena mapepala awo a ntchito anasowa. Ku Turkey anyamata ankapopera mchenga pa ma jinzi kuti azioneka ngati otha pang'ono, anayamba kufa akadali achinyamata, boma linaletsa ntchitoyo mu 2009. Pa 1 Julayi 2024 dziko la Australia linaletsa miyala yochita kupanga kufakitale ija amaika pa makauntala a m'khitchini chifukwa odula miyalayo amadwala silicosis atangogwira zaka zochepa. Konseku nkhani yake ndi imodzi, amayamba afa kaye anthu, kenako ndi pamene akuluakulu amavomera.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti njira yochepetsera fumbi limeneli ndi madzi. Madzi basi. Kuboola ndi kudula pakuthiridwa madzi, kunyowetsa pansi musanasese, kuika makina oyamwa fumbi pomwe likutulukira. Koma mpaka lero mupeza mnyamata akudula konkire pouma ali m'kati mwa mtambo, mnzake akusesa ndi tsache m'chipinda chotseka, wina akudzipemerera zovala ndi paipi ya mpweya wa kompuresa poweruka, foromani ali chilili pomwepo akuona.

Asbestos ndiye ndi chakudza sichiyimba ng'oma chenicheni. Ali m'malata akale aja a simenti, m'mapaipi akale, m'zokutira ma boyila, m'mabuleki ena a galimoto. Akakhala osakhudzidwa savuta kwenikweni, koma mukamugumula, kumuboola kapena kumudula timaulusi take timauluka, munthu amatipuma osamva kanthu, nde patapita zaka 20, 30, olo 40 amadwala khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma imene kawirikawiri imapha mwachangu ikangodziwika. Dokotala wina dzina lake J.C. Wagner ndi anzake anaonetsa kugwirizana kumeneku mu 1960 kuchokera kwa odwala a kumadera a migodi ya asbestos ku South Africa, ndipo ena mwa odwalawo sanagwirepo ntchito mu mgodi, ankangokhala pafupi. Dziko limenelo linadzaletsa asbestos mu 2008. Lero nyumba zakale zikugumulidwa paliponse, ndipo amene amapatsidwa hamala kuti aswe malata amenewa ndi waganyu amene sanauzidwe kuti akuswa chiyani.

Tsopano ndifike pa masiki, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga mukuti ife anthu athu timawapatsa zodzitetezera. Akatswiri a chitetezo pantchito amagwirizana pa ndondomeko imodzi, choyamba chotsani choopsacho, ngati sizitheka sinthani ndi china chosaopsa, ngati sizithekanso tchingani ndi makina, mafani oyamwa mpweya, madzi, zipupa, kenako chepetsani nthawi imene munthu amakhala pamalopo, ndipo zovala zodzitetezera zimabwera kumapeto kwenikweni, zotsekera pamene patsala. Inu mumayambira kumapetoko n'kuthera komweko chifukwa ndi kotchipa komanso kumachotsa mlandu pa inu kuuika pa wantchito. Masiki yake nthawi zambiri ndi ya nsalu kapena ya pepala ija ya kuchipatala imene fumbi losalala limangodutsa m'mbali, ndipo nthunzi ya penti kapena ya thinala ndiye siitchinga n'komwe, imeneyo imafuna masiki ya mafyuluta ake oyenera ndipo mafyulutawo amatha, amafunika kusintha. Palinso nkhani ya mkaka imene yazika mizu m'mafakitale ambiri, owotcherera ndi openta amapatsidwa mkaka ati utsuke m'chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, fumbi ndi utsi zimapita m'mapapo, sizikumana. Apatseni ngati mukufuna kuwadyetsa, koma musawauze kuti atetezedwa, chifukwa munthu amene akukhulupirira kuti watetezedwa amasiya kusamala.

Mumadandaula kuti antchito amavula zodzitetezera. Ndi zoona, ena amavuladi, ndipo sindikuwaikira kumbuyo pa zonse. Koma mwafunsapo chifukwa chake? Masiki yatsekeka ndi fumbi sabata yatha yomwe munthu akubanika, ina kusitolo kulibe, kapena ukakapempha amakudula pa malipiro. Magolovesi ndi a saizi imodzi aliyense, mayi wa manja ang'ono sangagwire nawo kanthu. Ovolosi ya pulasitiki pa dzuwa la masana. Ndiye pamwamba pake mumalipira malinga ndi kuchuluka kwa zimene munthu wapanga pa tsiku, nde chilichonse chomuchedwetsa amachitaya pambali sinanga ana akudikira kunyumba. Pamenepo vuto lili pa kakonzedwe ka ntchito, ndipo amene amakonza ntchito ndinu.

Phokoso nalo timaliona ngati chizindikiro choti ntchito ikuyenda. Muyezo umene maiko ambiri amatsatira ndi ma decibel 85 pa maola 8, ndipo akatswiri ambiri amati likangokwera ndi 3 nthawi yoyenera kukhalapo imadulidwa pakati, pa 88 maola 4, pa 91 maola awiri, pa 100 mphindi 15 zokha, pamene giraindala kapena makina odulira mitengo amatha kufika pa 100 pomwepo ndipo munthu amakhala nawo tsiku lonse. Olo mulibe chida choyezera, ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu, woti mutha kumugwira ndi dzanja, akumveni, dziwani kuti makutu akuwonongeka. M'kati mwa khutu muli timaselo tating'ono timene tikafa sitimeranso. Munthu amayamba ndi kulira kwa m'makutu poweruka, kenako amakweza wailesi mpaka a m'nyumba kudandaula, kenako pagulu amangomwetulira chifukwa sakumva zimene anzake akukamba, anthu n'kumati ndi ukalamba pamene ali ndi zaka 45.

A m'minda ndi m'maesiteti ndiye akuona zakuda ndi mankhwala opopera. Ambiri mwa mankhwalawa amalowa pakhungu, sachita kufuna kuti umwe, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi yosakaniza pamene mankhwala akadali okhathamira, komanso sipuleya ya kumsana ikamadontha munthu amayenda tsiku lonse malaya atanyowa ndi poizoni. A gulu la organophosphate amasokoneza minyewa, munthu amatuluka thukuta ndi malovu ambiri, mutu, kusanza, maso osaona bwino, akafika kuchipatala n'zosavuta kuganiza kuti ndi malungo. Pali kuyeza magazi kumene kumaonetsa msanga kuti thupi layamba kudzadza ndi mankhwala amenewa kuti munthu apumitsidwe kaye, ndi makampani angati amachita? Malangizo pa botolo amalembedwa m'chilankhulo chimene wopoperayo sawerenga, nthawi zina mankhwala amathiridwa mu botolo lina lopanda chizindikiro chilichonse, ndipo opalira amalowetsedwa m'munda masamba asanaume. Mu 1977 abambo a pa fakitale ina ku California anazindikira pocheza okhaokha kuti ambiri mwa iwo sakubereka, atayezedwa zinapezeka kuti ndi mankhwala otchedwa DBCP amene ankapanga, koma mankhwala omwewo anapitirira kugwiritsidwa ntchito m'minda ya nthochi ku Central America, kumaiko ngati Costa Rica ndi Nicaragua, ndipo abambo masauzande anasanduka osabereka. Ganizirani maukwati amene anatha chifukwa cha zimenezo, amayi amene ananyozedwa popanda chifukwa. Othyola fodya wonyowa nawonso nikotini amawalowa pakhungu mpaka chizungulire ndi kusanza, makamaka ana.

Zina ndingozitchula mwachangu chifukwa sindingathe zonse. Benzene, amene amapezeka mu petulo ndi mu zosungunulira zina, amayambitsa khansa ya m'magazi, koma amakaniko ndi openta amasamba m'manja ndi petulo kapena thinala tsiku lililonse poti sopo kulibe. Bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe lija loona zaumoyo pa dziko lonse, linaika utsi wa dizilo pa gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mu 2012, utsi wowotcherera zitsulo mu 2017, ndipo fumbi la matabwa lili pa gulu lomwelo chifukwa cha khansa ya m'mphuno. Fumbi la thonje limamanga chifuwa makamaka Lolemba munthu akabwerera kuntchito. Ufa wa m'mabekale ndi penti yopopera galimoto zimayambitsa mphumu kwa munthu amene sanadwalepo mphumu chibadwire. Simenti yonyowa imadya khungu. Makina onjenjemera amapha zala mpaka dzanzi losatha. Chizindikiro chimodzi chimene aliyense angathe kuchiona n'choti munthu akakhala pa holide amapeza bwino, akabwerera pantchito zimayambiranso, zikatero musamuuze kuti akunamizira.

Komanso poizoni satsala pa geti, amapita nawo kunyumba. Zadziwika kalekale kuti amayi amene ankachapa maovolosi a amuna awo ogwira ntchito ya asbestos ena anadwala khansa yomwe ija. Mtovu wa m'mabatire akale ndi mu penti zina umakakamira pa zovala, m'tsitsi, m'zikhadabo, bambo akafika kunyumba n'kunyamula mwana, ndipo kwa mwana mtovu umawononga ubongo mosabwezeka. Ku Zamfara ku Nigeria mu 2010 ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo ankapera miyala ya golide yokhala ndi mtovu pakhomo. Okumba golide pawokha amawotcha mercury pamoto, nthunzi yake imapita ku ubongo ndi ku impso, manja amayamba kunjenjemera. Ndiye bafa losambira poweruka, malo osinthira zovala, malo odyera otalikirana ndi fumbi, ndi kuchapa maovolosi pa kampani pomwepo si zinthu zapamwamba zoti muzidikira phindu likachuluka, zikuteteza ana amene sanasainire kontirakiti ndi inu.

Kutentha kukukulirakulira ndipo tiyenera kukuwerengera ngati choopsa cha pantchito. Ku Nicaragua ndi El Salvador anyamata ambiri odula nzimbe akhala akufa ndi matenda a impso alibe shuga alibe BP, ndipo ofufuza ambiri akuloza ku ntchito yolemetsa pa dzuwa thupi likusowa madzi tsiku ndi tsiku. Kumene anayesa kupereka madzi okwanira, mthunzi ndi nthawi yopuma yokhazikika, kuvulala kwa impso kunachepa. Maola nawonso amapha. WHO ndi ILO mu 2021 anati mu chaka cha 2016 chokha anthu 745,000 anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata, ndipo pa maola amenewa chiopsezo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti. Ganizirani alonda a mashifiti a maola 12 opanda tsiku lopuma, madalaivala a mtunda wautali, ngakhalenso a mu ofesi amene bwana amawaimbira foni pakati pa usiku, ena mpaka kudwala maganizo chifukwa chokalipiridwa ndi kuopsezedwa tsiku lililonse.

Ngakhale amene amatisamalira tikadwala sali otetezeka. Namwino kapena wokolopa m'chipatala akabayidwa ndi jakisoni wogwiritsa kale ntchito atha kutenga matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C kapena HIV. Katemera wa Hepatitis B alipo, mankhwala a PEP oteteza ku HIV alipo ndipo amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, koma wokolopa wolembedwa kudzera ku kampani ina kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti akanene kwa ndani. Ena amakhala tsiku lonse mu wodi ya odwala TB mawindo ali otseka. Misana ya onyamula odwala ndi onyamula katundu ndiye sitinena, imatha munthu asanafike pa penshoni.

Ndatchula aganyu kangapo ndipo ndikufuna ndiime pamenepa pang'ono. Ntchito yonyansa kwambiri, yolowa mu thanki, yosesa fumbi la pansi pa makina, yosakaniza mankhwala, yogumula nyumba zakale, mumaipereka kwa anthu a kontirakiti yaifupi kapena kwa kampani ina yaing'ono imene mwaipatsa tenda, dala kuti zikavuta munene kuti si anthu athu. Amenewa sayezedwa, saphunzitsidwa, dzina lawo mwina silili mu buku lililonse, mwezi ukatha mumatenga ena. Koma fumbi ndi lanu, mankhwala ndi anu, phindu ndi lanu. Aliyense amene walowa pa geti yanu kudzagwira ntchito, olo ya tsiku limodzi, thanzi lake lili m'manja mwanu.

Nde chimene ndikupempha kwa eni makampani ndi ichi. Yezani fumbi, phokoso ndi nthunzi pamalo pamene munthu amaima, pa nthawi imene ntchito ili m'kati, osati Loweruka makina atazimitsidwa, ndipo zotsatira zake muzimate pa khoma aliyense aziona. Munthu aziyezedwa mapapo, makutu ndi magazi malinga ndi ntchito yake polowa, pakapita nthawi, komanso pochoka, ndipo pepala la zotsatira azipatsidwa m'manja, chifukwa thupi ndi lake. Pano zimene zimachitika n'zoti dokotala wa kampani amayeza, fayilo imapita kwa abwana, patapita miyezi iwiri munthu uja amauzidwa kuti ntchito yachepa. Kuyeza kukakhala njira yosefera odwala kuti muwachotse msanga, antchito adzabisa matenda mpaka kugwa, ndipo simungawadzudzule. Wopezeka ndi vuto asamutsidwire pamalo opanda choopsacho malipiro osatsika, ndipo malo amene wachokawo akonzedwe musanaikepo wina. Mafayilo amenewa asungidwe nthawi yaitali, ku UK lamulo limati zaka 40 pa ntchito za zinthu zoopsa, chifukwa matenda ena amaonekera kampani itasintha kale dzina kawiri.

Madokotala ndi anamwino, ndikudziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo mwatopa. Komabe dokotala wa ku Italy Bernardino Ramazzini analangiza kale mu 1700 kuti pa mafunso onse ofunsa wodwala muzionjezerapo loti amagwira ntchito yanji. Funsani imene akugwira pano ndi zimene anagwirapo kale, ndipo mulembe mu buku lake, chifukwa mzere umodzi umenewo ndi umene ungadzathandize mkazi wake kupeza chipukuta misozi, komanso odwala atatu ochokera pa fakitale imodzi akadutsa m'manja mwanu ndinu oyamba kudziwa kuti kumeneko kuli vuto.

Inu a boma, mu Juni 2022 maiko a mu ILO anagwirizana kuti malo a ntchito otetezeka ndi athanzi ndi ufulu wofunika wa wantchito aliyense, pa mulingo umodzi ndi kuletsa ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ntchito ana. Pangano la ILO nambala 155 la mu 1981 limanenanso kuti munthu amene wachoka pamalo chifukwa akuona kuti moyo wake uli pa chiopsezo chachikulu asalangidwe. Pa pepala zili bwino. Koma inspekita wopanda galimoto, wopanda chida choyezera fumbi, amene amachita kutengedwa ndi galimoto ya kampani yomwe akukaiyendera atawadziwitsa sabata yathunthu, angaone chiyani? Amapeza pansi pothiridwa madzi, mamasiki atsopano agawidwa m'mawa womwewo, wantchito wofunsidwa foromani ali pambali pake. Apatseni zida, aziyenda mwadzidzidzi, azilankhula ndi antchito paokha, ndipo chindapusa chikhale chowawa kuposa mtengo wokonzera vutolo, apo ayi kampani imangowerengera n'kusankha kulipira chindapusa. Mndandanda wa matenda olipiridwa chipukuta misozi uziunikidwanso, wa ILO unakonzedwanso mu 2010 ndipo muli ngakhale matenda a maganizo, ndipo lamulo loti munthu adandaule pasanathe nthawi yochepa atachoka pantchito silingagwire pa matenda otenga zaka 30. Musaiwalenso kuti anthu ambiri sagwira m'makampani akuluakulu, ali m'magalaja, m'mashopu owotcherera, m'makwale oswa miyala ndi manja, m'masaluni, kumeneko kulibe bwana woti mumulipiritse, kukufunika kuphunzitsa ndi kuletsa mankhwala oopsa kwambiri asalowe n'komwe pa msika. Pa 28 Epulo pamakhala tsiku lokumbukira chitetezo ndi thanzi pantchito, bwanji tsiku limenelo muzitiuza poyera kuti chaka chathachi mwayendera malo angati, mwapeza odwala angati, ndipo alipidwa ndi angati.

Ndikudziwa yankho loti zimenezi ndi zodula, bizinesi ikuvuta, tikakakamiza makampani atseka anthu asowa ntchito. Sindikunyoza nkhawa imeneyo, ntchito tikuifunadi ndipo ndi chifukwa chake anthu amangopirira osadandaula. Koma mtengowo ulipo kale ndipo ukulipidwa, akulipira ndi mayi amene wagulitsa katundu wa m'nyumba kuti apeze thiransipoti yopita ndi mwamuna wake kuchipatala, mwana amene wasiya sukulu, ndi chipatala cha boma chimene chikusamalira wodwala amene kampani inamutaya. Paipi ya madzi pa makina odulira, fani yoyamwa utsi, sopo ndi bafa, kusinthana anthu pamalo a phokoso, zambiri mwa izi mtengo wake sufika olo pa galimoto imodzi ya bwana.

Chomaliza ndi cha anthu amene anachoka kale. Tsegulani mabuku anu a zaka 10, 20 zapitazo, muone amene anagwira pa fumbi, pa mankhwala, pa asbestos, pa phokoso, muwafunefune kudzera ku mabungwe a antchito, pa wailesi, pa Facebook, kulikonse, muwaitane adzayezedwe inu mukulipira, ndipo opezeka ndi matenda muwathandize kulemba mapepala a chipukuta misozi akadali moyo, musadikire kuti maloya adzakukokereni kukhoti patapita zaka 15 theka la iwo ali m'manda. A boma ikani lamulo loti kampani isanatseke kapena kugulitsidwa izipereka mafayilo a zaumoyo a antchito ake ku ofesi yanu kuti asasowe. Ndipo ngati pali kampani kapena unduna umene ukuchita kale zimenezi, yankhani kalata iyi poyera mutiuze mmene mukuchitira, ena atengerepo.

Ndine wanu,
mmodzi mwa ogwira ntchito